William wake uti?

Miyezi yokolola mukafika pamsika wa Mitundu, kapena mukaima m'mbali mwa msewu wa M1 pa Nathenje pomwe mavenda amapachika masikelo awo, muyang'ane matumba omwe akutsitsidwa m'ngolo ndi panjinga. Ambiri ndi a feteleza. Kunja kwake kwalembedwa Urea kapena NPK, dzina la kampani, ndi kulemera kwake, makilogalamu 50. Koma palibe wogula amene amataya nthawi kuwerenga zimenezo. Amamasula kukamwa kwa thumba n'kupisa dzanja mpaka m'chigongono, chifukwa akudziwa kuti fetelezayo anatha kalekale, anathiridwa m'munda mvula ili mkati. Thumbalo linachapidwa, linayanikidwa pampanda, lero muli soya. Linzake la malemba omwewo muli mtedza. Lachitatu muli chimanga chofumbwa chomwe mwini wake wachiphimba ndi chabwino pamwamba. Lina lija lada bii, ntchito yake ndi makala basi.

Mayina a anthu amayenda chomwecho. Malemba amakhala amodzi, zam'kati n'zosiyana. Ndipo ngati pali dzina limene lanyamulapo katundu wa mtundu uliwonse, kuno kwathu ndi kunja komwe, ndi William.

Kudera lino dzinali si lachilendo. Mukadutsa Nathenje kulowera ku Dedza, musanawoloke Diamphwe, n'kukhota kumanzere pa Kamphata, msewuwo ukakutulani ku Nkhoma, komwe kuli sukulu ya sekondale ya William Murray. M'midzi namo a Wiliyamu ndi a Wili sasowa, kuphatikizapo a Wilisoni, omwe dzina lawo linaphuka pa lomweli. Mayina akamaitanidwa pabwalo la sukulu tsiku lolandira zinthu, woitana akangoti "Wiliyamu!", amuna awiri kapena atatu amadzuka limodzi, anthu n'kuyamba kufunsana kuti, "Wiliyamu wake uti? Wa ngolo uja, kapena mkamwini wa kwa Nabanda?"

Fetelezayo amachita kuwoloka nyanja, n'kutsikira padoko la Beira kapena Nacala asanakwezedwe m'malole. Dzinali nalonso n'lobwera. Linayambira kwa anthu a zinenero zachibale ndi Chijeremani, koma amene analikweza ndi wolamulira wina wa chigawo cha Normandy, kumpoto kwa France. Mu 1066 William ameneyu anawoloka nyanja ndi asilikali ake, anagonjetsa mfumu Harold, n'kulanda ufumu wa England. Munthu akalanda dziko dzina lake limayamba kukoma m'kamwa mwa anthu. Makolo anayamba kutcha ana awo William, mayina akale a kumeneko n'kumazilala. Patatha zaka 100 zinthu zinafika poseketsa. Wolemba mbiri wina wa nthawiyo anasimba za phwando la Khirisimasi ku Normandy, m'zaka za m'ma 1170, komwe akuluakulu awiri otchedwa William analamula kuti m'chipinda chawo musadyere munthu wa dzina lina. Ena onse atatulutsidwa, otsala m'chipindamo anapitirirabe 100.

Nkhondo ya 1066 ija inamenyedwa pafupi ndi tauni yotchedwa Hastings. Musaliiwale dzina limeneli, tikumana nalonso. Ndi dzinanso la mabanja ena kumeneko, ndipo m'mishonale wina wa ku Scotland, John Hastings, ndi amene mnyamata wa ku Kasungu, Kamuzu Banda, anamutengera dzina pobatizidwa.

Thumba likayenda maulendo ambiri malemba ake amafufutika. Ku France dzinali amati Guillaume, ku Spain Guillermo, kwa anansi athu a ku Tete ndi Angonia Guilherme, ku Germany Wilhelm, kwa Mabunu Willem. Ku America amalidula mpaka kutsala Bill: Bill Clinton ndi Bill Gates onse pamapepala ndi a William. Ife tinaliwongola kuti likhale bwino palilime, n'kukhala Wiliyamu.

Pali pena pomwe munthu ungakopeke kuganiza kuti dzina lili ndi mankhwala ndithu. Taonani omasulira Baibulo. William Tyndale anamasulira Chipangano Chatsopano m'Chingelezi panthawi imene kutero kunali mlandu ku England. Anathawira ku Germany, bukulo linasindikizidwa ku Worms mu 1526, ndipo linkalowa m'dziko lakwawo mozemba, litabisidwa m'katundu wa amalonda. Mu 1536 anamupha pomupotokola khosi n'kutentha mtembo wake ku Vilvoorde, pafupi ndi Brussels. William Morgan anatulutsa Baibulo la chinenero cha ku Wales mu 1588. William Carey, munthu wosoka nsapato, anapita ku India mu 1793 n'kukamasulira m'Chibengali. Kuno kwathu analiko awiri. William Percival Johnson wa mpingo wa Anglican anatha zaka zambirimbiri akuyendayenda m'mbali mwa nyanja ya Malawi, maso ake atawonongeka ndi matenda mpaka kutsala pang'ono kuchita khungu, komabe anamasulira Baibulo m'Chinyanja cha ku Likoma. Anamwalira mu 1928 ku Liuli, tsidya la Tanzania. Winayo ndi mwini dzina la sukulu ya ku Nkhoma ija.

William Hoppe Murray anachokera ku South Africa, kubanja la abusa a mpingo wa Dutch Reformed lomwe makolo ake anali a ku Scotland. Mishoni yawo inayamba ku Mvera mu 1889, iye anafika mu 1894, ndipo mu 1896 anzake anatsegula Nkhoma, m'dziko la mfumu Mazengera, masiku amene anthu ankakhala m'phiri poopa nkhondo za Angoni. Mamishoni osiyanasiyana atagwirizana kuti pakhale Baibulo limodzi lomwe Mmang'anja wa ku Blantyre ndi Mchewa wa ku Dowa angawerenge onse, mtolo waukulu unagwera Murray. Ntchitoyo inadya zaka pafupifupi 20, ndipo Buku Lopatulika linatuluka mu 1922. Kunyumba zambiri za kuno likadalipo la agogo lija, lachikuto chakuda chothothoka, lokulungidwa m'kansalu, m'kati muli "cifukwa" ndi "cikondi" zopanda h, masamba a Masalmo atada ndi zala. Mawu ambiri omwe timapempherera pamaliro ndi paukwati, ngakhale amene sitinapondeko ku Nkhoma, anadutsa patebulo la munthu ameneyu. Koma patebulopo sanali yekha. Panali aphunzitsi ndi alaliki achikuda omwe ankamuuza kuti apa Mchewa satero, apa mawuwa ndi olaula, apa mwalasa. Chichewa chokoma cha m'bukumo n'chawo. Sukulu inatenga dzina la mzungu, ndipo ine ndimaona kuti pamenepa mbiri inagawa nyama mokondera.

Nanga a William asanu onsewa kugwira ntchito imodzi, si chizindikiro? Ayi. Pamsika pomwe matumba ambiri ndi a Urea, musadabwe kupeza asanu a Urea onse muli mtedza. Dzinali linali ponseponse pakati pa olankhula Chingelezi, ndipo mipingo yawo ndi yomwe inalimbikira zomasulira. Amene akufuna umboni woti malemba a pathumba sanena kanthu ayang'ane chaka chimodzi chokha, 1915, m'dziko lathu lomweli.

Chaka chimenecho Murray anali pakalikiliki ndi Chipangano Chakale. Johnson anali kunyanja. Ku Magomero, m'boma la Chiradzulu, kunali William wachitatu, William Jervis Livingstone, woyang'anira minda ya A. L. Bruce Estates. Anthu ankamutcha Listonia, ndipo sankamutchula mokondwa. Pansi pake thangata inali yowawa: anthu ankalima miyezi yambiri m'malo mwa lendi, malipiro osaoneka bwino, chikoti chili pafupi. Matchalitchi omwe otsatira a John Chilembwe ankamanga pamalo a esitetiyo ankatenthedwa. Usiku wa pa 23 Januwale 1915 anthu a Chilembwe anafika panyumba pake, anamupha, n'kudula mutu wake kupita nawo ku Mbombwe. Ngakhale bungwe lomwe boma la atsamunda linakhazikitsa kuti lifufuze za kuukirako linavomereza kuti anthu a paesitetiyo ankazunzidwa. Ndiye kumbukirani kuti dzina lomweli ndi la William Wilberforce, phungu wa ku Britain amene anatha zaka zambiri akumenyera kuti malonda a akapolo athe, mpaka lamulo linadutsa mu 1807.

William wachinayi wa chaka chimenecho sanapondepo kuno, koma anasautsa midzi yambiri kuposa Listonia. Ndi Wilhelm Wachiwiri, mfumu ya Germany. Dziko lomwe lero ndi Tanzania linali m'manja mwake, choncho nkhondo ya azungu itabuka mu 1914 inatipeza pakhomo. Ku Karonga kunamenyedwa nkhondo mu Seputembala chaka chomwecho, ndipo zaka zotsatira amuna miyandamiyanda anagwidwa m'midzi kukakhala amtengatenga, kusenza zakudya ndi zipolopolo za asilikali. Ambiri anafera m'njira ndi njala ndi matenda. Koma Mjeremani mnzake wa dzina lomwelo, Wilhelm Röntgen, ndi amene mu 1895 anatulukira kuwala kojambulira mafupa. Mwana akagwa mumtengo wa mango, adokotala n'kunyamula chithunzi chakuda chija kuloza kuwindo kuti aone pomwe pathyoka, ndi ntchito ya Wilhelm ameneyo.

Mwa a William oyambirira kufika kuno, mmodzi sanali mzungu n'komwe. William Koyi anali Mxhosa wa ku South Africa, wophunzira ku Lovedale, amene anadzipereka kubwera ndi mishoni ya Livingstonia mu 1876 pamodzi ndi anzake atatu. Azungu a mishoniyo ankalephera kulowa pakati pa Angoni a M'mbelwa. Koyi anatha, chifukwa chinenero chake chinali chachibale ndi Chingoni, ndipo ankadziwa polankhula ndi pokhala chete pamaso pa mfumu ndi nduna zake. Anakhala ku Njuyu, kumpoto, n'kumwalira komweko mu 1886. Ndikamva anthu akunena kuti Chikhristu chinabwera ndi azungu okha, ndimakumbuka munthu ameneyu.

Wotchuka kuposa onse, kwa ana a sukulu, ndi William Shakespeare, mwana wa munthu wosoka magolovesi ku Stratford-upon-Avon, amene anabadwa mu 1564 n'kumwalira mu 1616 atalemba masewero oposa 30. Mwana wa Fomu 4 wa ku Mitundu amene wagona mochedwa akulimbana ndi Macbeth pakatochi sangakhulupirire kuti Chingelezi chokhotakhota chija chinkaseweredwa pamaso pa anthu wamba, oimirira, ena akudya mtedza wa kwawoko. Za andale ndingodutsa mothamanga. Liberia inalamulidwa ndi a William awiri motsatizana, Tubman kuyambira 1944 mpaka 1971, kenako Tolbert mpaka pomwe anaphedwa mu 1980. Kenya mu 2022 inasankha William Ruto, amene amakonda kukumbutsa anthu kuti ali mnyamata ankagulitsa nkhuku pamsewu.

Thumba lija litafika m'manja mwa Amalawi, tinathiramo zathu. E. W. Chafulumira, amene W wakeyo ndi William, analemba mabuku a Chinyanja omwe makolo athu anawerenga kusukulu, monga Kazitape ndi Mbiri ya Amang'anja. Willie Zingani anatipatsa Njala Bwana ndi Madzi Akatayika. M'nduna zoyamba za dziko lino munali Willie Chokani, munalinso Kanyama Chiume wa ku Nkhata Bay, amene mayina ake onse anali Murray William Kanyama Chiume. Pano ndi pomwe Hastings uja akubwereranso. Mu 1066 William anapambana pa Hastings. Mu Seputembala 1964, nduna zitasemphana ndi Kamuzu patangotha miyezi iwiri dziko litalandira ufulu, Chiume anachotsedwa, Chokani anatula pansi udindo pogwirizana ndi anzake, ndipo onse awiri anathawira kunja komwe anakhala zaka zambiri. Ulendo umenewo Hastings ndi amene anagonjetsa a William. Zangochitika mwangozi, koma n'zovuta kuzidutsa osamwetulira.

Komabe chitsanzo cha thumba chili ndi pomwe chimatsimphina, ndipo ndi pakhomo pathu pomwe. Kwa Achewa si dzina lililonse lomwe ndi chonyamulira chabe. Mwana akatuluka m'chikuta, mchombo utagwa, amene wapatsidwa ulemu womutcha dzina sangotola lililonse. Nthawi zambiri amadzutsa la munthu amene anapita, agogo kapena amalume. Kuyambira pamenepo mayi wa mwanayo amatha kumamuitana "agogo" kapena "bambo anga", ndipo akalakwa amamudzudzula mosamala, ngati akuopa kunyoza mwini dzina. Khanda likamangolira usiku osatonthola, akuluakulu ena amati dzinalo walikana, kapena pali wina kumizimu amene akulifuna, ndipo amalisintha. Mnyamata akalowa kudambwe kapena mtsikana akavinidwa amalandira dzina latsopano, ndipo kumuitana ndi la paubwana ndi chipongwe choti mukhoza kulipira nacho nkhuku. Pali mayina enanso onena za makolo osati za mwana: Mavuto, Masiye, Chimwemwe, Tilimbike. Ngakhale dzina lobwera limatha kugwira ntchito imeneyi. Lazarus Chakwera, wobadwira m'boma lino la Lilongwe mu 1955, anatchedwa choncho chifukwa ana awiri omwe anabadwa iye asanabadwe anamwalira ali makhanda, ndipo bambo ake ankafuna kuti uyu apulumuke kumanda.

Mayina a ufumu ndiye amapitirira apo. Chadza, Kalumbu, Chiseka, Mazengera: awa si mayina oti munthu amangofanana nawo ndi mnzake. Mfumu ikagona, mbumba imakhala pansi n'kusankha wolowa dzina, kawirikawiri mwana wa mlongo wake, ndipo wolowayo amatenga zonse, malo, milandu yotsala, abale, ngakhale kaitanidwe. Amene dzulo anali amalume ake lero akhoza kumuwombera m'manja. Mfumu ya lero imatha kusimba zomwe zinachitika zaka 100 zapitazo n'kumati "ine ndinawalandira anthu amenewo", popanda woiseka. Apa thumba limaperekedwa ndi mbewu yake yomwe, ndipo wolandirayo ntchito yake ndi kuisunga kuti isafumbwe.

N'chifukwa chake Wiliyamu wa m'mbali mwa Diamphwe, amene m'chilimwe amadzukira kudimba ndi khasu ndi kheni yothirira, sakhudzana kwenikweni ndi mfumu ya ku Normandy kapena mlembi wa Macbeth. Mukafunsa amayi ake akuuzani kuti ndi dzina la amalume ake omwe anapita ku Joni pa Wenela, kapena omwe anatchona ku Halale osabwerako. Amalumewo mwina analitenga paubatizo, kapena anapatsidwa ndi kapitawo amene lilime linkamukanika pa dzina lawo lenileni. Pofika m'badwo wachitatu dzinalo lalowa m'mwambo wathu wodzutsa akufa, ndipo nthawi zina lasanduka la banja lonse, poti aphunzitsi polemba m'kaundula anangotenga dzina loyamba la bambo n'kuliika kumapeto. Motero mumapeza ndi atsikana omwe akuyankhira ku William.

Lero mukatchula William wa ku Malawi kunja kwa dziko lino, ambiri amaganiza za mmodzi, William Kamkwamba wa m'mudzi wa Masitala, kufupi ndi Wimbe ku Kasungu. Anabadwa mu 1987. Njala ya 2001 ndi 2002 ija, imene kuno anthu ankadya gaga ndi zitsa za nthochi, inamuchotsa kusekondale chifukwa makolo ake analibe fizi. M'malo mongokhala, ankapita kukalaibulale kakang'ono ka pasukulu ya pulaimale, komwe anapeza buku lotchedwa Using Energy lokhala ndi chithunzi cha makina opukusidwa ndi mphepo. Chingelezi chake chinali chochepa, choncho ankatsata zithunzi. Anatola fani ya thalakitala kudzala la zitsulo, mapaipi apulasitiki omwe anawawamba pamoto n'kuwaphwatalitsa, fulemu ya njinga ya bambo ake ndi dainamo, n'kuzikweza pansanja ya mitengo ya bulugamu. Anthu ankati wapenga, ena ankati akusuta chamba. Babu litayaka, omwewo anayamba kubwera kudzatchajitsa mafoni.

Nyuzipepala ya Daily Times inalemba za iye mu 2006, chaka chotsatira anakalankhula kumsonkhano wa TED ku Arusha, kenako anapita kusukulu ku Johannesburg, n'kukamaliza ku Dartmouth College ku America mu 2014. Buku la mbiri yake, The Boy Who Harnessed the Wind, lomwe analemba ndi Bryan Mealer, linatuluka mu 2009, ndipo mu 2019 Chiwetel Ejiofor analisandutsa filimu yomwe inajambulidwa ku Kasungu konko n'kuonetsedwa pa Netflix. Mbali yaikulu ya filimuyo ili m'Chichewa. Ejiofor, wa ku London koma makolo ake a ku Nigeria, anachita kuphunzira chinenerochi kuti asewere ngati bambo wa mnyamatayo, ndipo amene anasewera ngati William ndi mnyamata wa ku Kenya, Maxwell Simba. Akunja anagwetsa misozi poonera. Ife eni chinenero tinagwetsa nawo, koma pena tinkagwira nthiti ndi kuseka, poti Chichewa chake chinkamveka ngati cha wansembe wachizungu amene wangotha miyezi itatu paparishi.